Amuna Asanu ndi Anayi, ndi Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene agogo a kunyumba yoyandikana nafe anamwalira. Tinkakhala ku Manchester, mu msewu wa nyumba zogundana, zimene khoma limodzi limakhala la mabanja awiri. Kuseri kwa khoma la pabalaza pathu kunkakhala banja la Ayuda: aneba aamuna, akazi awo, mwana wawo wamkazi wa msinkhu wanga, ndi agogowo, amene anali atate a aneba aamunawo. Agogo akatsokomola ife tinkamva. Ife tikayamba mapemphero a madzulo, ndikhulupirira kuti iwonso ankamva.

Mtsikanayo ndiye anali mnzanga yekhayo, sindikukokomeza ayi. Ndinabwera ku England ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kutsatira amayi amene anatsogola kudzagwira ntchito ya unamwino, ndipo tsiku loyamba kusukulu ana anaseka kayankhulidwe kanga. Lilime linauma kuyambira pamenepo. Zonse zimene ndinkafuna kunena ndinkazilemba m'kope, m'Chichewa, kuti ngakhale wina alisolole m'chikwama asamve kanthu. Mnzangayu sankadandaula kuti sindiyankhula, chifukwa iye ankayankhula zokwanira anthu awiri. Masukulu athu anali osiyana koma basi tinkakwerera malo amodzi, ndiye m'mawa uliwonse tinkayendera limodzi mpaka pa siteji, iye akulongolola, ine ndikumvetsera.

Pa maulendo amenewo ndi pamene ndinaphunzira za kwawo. Anandiuza chifukwa chake kunyumba kwawo kuli masinki awiri, ndi chifukwa chake Loweruka sagwira foni. Tsiku lina anandiuza kuti pali mapemphero ena amene sanganenedwe pokhapokha patakhala amuna khumi, ndipo onse khumiwo ayenera kukhala Ayuda. Mfumu ya dziko lino itabwera, anatero, ingakhale pampando wabwino koma siingakwaniritse khumi. Zinandisangalatsa, moti ndili pa siteji pomwepo ndinatulutsa kope n'kuzilemba, iye akundiseka kuti ndimalemba ngati wapolisi.

Chaka chimenecho chinali choipa. Kutali kunabuka nkhondo pakati pa dziko la Ayuda ndi anthu oyandikana nalo, ndipo pa TV pankangooneka maliro, a mbali iyi ndi a mbali inayo. Ife tinalibe wachibale kumeneko, koma msewu wathu unasintha. Pachipata cha sunagoge wamng'ono wa kufupi ndi mashopu anaikapo alonda ovala majekete achikasu. Wina analemba mawu onyansa ndi penti pachitseko cha garaja ya aneba, ndipo bambo anga anatha tsiku lonse akuwathandiza kukwecha. Mnzanga anayamba kuvula bulezala ya sukulu yake, imene inali ndi chizindikiro pathumba, n'kuipindira m'chikwama ngakhale kunja kukuzizira. Tsiku lina anyamata anatilavulira ali pawindo la basi, malovu n'kugwera pansapato yanga. Kusukulu kwathu kunali atsikana amene abale awo ankafa mbali inayo, ndipo mmodzi anandiona ndikuyenda naye.

"Iwe, uja ndi mnzako? Ukudziwa zimene anthu ake akuchita?"

Yankho ndinakalilemba kunyumba, masamba awiri athunthu.

Agogowo anamwalira Lolemba m'mawa, pabedi pawo, ndi matenda a mtima. Lachiwiri masana anali ataikidwa kale. Amayi anali pa shifiti, bambo ku weyahausi kumene ankanyamula makatoni, ine kusukulu. Tinamva madzulo kwa mayi wina wa tsidya la msewu.

"Aika kale?" bambo anafunsa kawiri. "Munthu wafa dzulo?"

"Amatero," anayankha amayi akuvula nsapato. "Kuchipatala akamwalira Myuda, abale ake satipatsa mpata wopuma mpaka mapepala atuluke tsiku lomwelo."

"Ndiye ife tagona khoma limodzi ndi maliro, kumanda osapita. Anthu atiyesa afiti?"

"Anthu ake ati, bambo? Kuno ndi ku England."

"Ku England munthu safa?"

Ndiyenera kunena za bambo anga kuti zimene zinachitika zimveke. Kwathu anali mphunzitsi wamkulu ndiponso mkulu wa mpingo. Kuno uphunzitsi unatsala m'mapepala, koma za maliro sanazisiye. Mmalawi akamwalira ku Rotherham kapena ku Newcastle, bambo ankapempha tchuthi, n'kudzaza galimoto ndi anthu, ulendo. Sankadikira kuti wina awauze chochita. Akaona kuti pakusowa wonyamula bokosi ankanyamula, pakasowa wopemphera ankapemphera, pakasowa wokankha mipando ankavula jekete. Umo ndi mmene anakulira, ndipo umo ndi mmene ankadziwira kuti akadali munthu.

Lachitatu madzulo tinakonzeka kukapepesa. Bambo ankafuna kuti amayi aphike nkhuku ndi mpunga, koma amayi anakana, amvekere zakudya za anthu amenewa zili ndi malamulo, za m'mapoto athu sangadye. Anagula malalanje ndi mphesa. Anavala chitenje ndi duku, bambo suti yakuda ndi tayi, ine diresi la kutchalitchi. Kunja kunkagwa mvula yowaza.

Chitseko chawo chinali chosakhoma, ndipo palibe anatilonjera. Mayi wina anapatsa bambo kachipewa kakuda kakang'ono, iwo n'kukaika pamutu mosamala ndi manja awiri. Galasi la pakhonde la m'kati linali lophimbidwa ndi nsalu. Pashelefu pankayaka kandulo imodzi. Aneba anali pakampando kafupi kwambiri, opanda nsapato, ndevu zosameta, malaya ong'ambika pamtima. Amayi anandinong'oneza kuti, "Ngati kusiwa kwathu," n'kupita kumene kunali azimayi, kumbuyo kwa balaza, n'kukhala pansi penipeni pakapeti miyendo atatambasula. Mayi wina anawakokera mpando, iwo anakana ndi dzanja. Ndinaona azimayi awiri akuyang'anana. Mnzanga anabwera n'kundifinya zala, maso ali ofiira.

Bambo ananjuta pamaso pa aneba n'kupepesa mwachifatse. Aneba anagwedeza mutu. Mpaka pamenepo zonse zinali bwino.

Nthawi ya pemphero itakwana amuna anaimirira, aliyense ndi buku m'manja, koma sanayambe. Ankayang'ana pa wotchi, pachitseko, pa wotchi kachiwiri. Awiri anatulutsa mafoni. Ayuda ambiri anali atasamukira kale kumadera a kumpoto kwa mzinda, agogowo okha ndiwo ankakana kuchoka mu msewu uno, ndipo madzulo omwewo m'tauni munali msonkhano wolira anthu awo amene anaphedwa kunkhondo kuja. Ambiri anapita kumeneko. Ena, ndinamva pambuyo pake, ankaopa kuyenda mumdima ndi zipewa zawo.

Ndinawawerenga. Anali asanu ndi anayi.

Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene ankadikira. Ndinaona bambo akuweramira kwa munthu amene anayandikana naye, akufunsa, munthuyo n'kukweza chala chimodzi. Ndinaona bambo akuyang'ana uku ndi uku. Kenako ndinaona dzanja lawo likupita pa batani la jekete, ndipo ndinadziwa tanthauzo lake, chifukwa amatero nthawi zonse akafuna kuimirira pagulu. Kuchokera pamene ndinakhala kukafika pamene anali panali mapazi anayi okha. Ndikanatha kupita n'kuwakoka mkono. Ndikanatha kunena m'Chichewa, ndili pomwepo, palibe wina akanamva. Koma m'chipindamo munali anthu ambiri achilendo, ndipo kuti ndiyankhule onse akanatembenuka kundiyang'ana. Ndinayang'ana pakapeti.

"Abale anga," bambo anatero ndi Chingerezi chawo cha pa asembule ya kusukulu, chomveka mpaka kukhitchini, "musavutike ndi mafoni. Ine ndilipo. Ndine mkulu wa mpingo, kupemphera ndimadziwa. Yambani."

Anatenga buku patebulo n'kulitsegula. Mabuku a Chiheberi amayambira kumene ife timati kumapeto, ndiye bambo anali atalitsegula chakumbuyo. Wina anaseka ndi mphuno. Mkulu wina wamfupi wa ndevu zoyera, amene ankati atsogolere pemphero, anati, "Zikomo, bwana. Khalani pansi."

"Ndati ndilipo. Inu muli asanu ndi anayi, ine wachikhumi."

"Awa ndi ndani?" wina anafunsa ali kufupi ndi chitseko. "Wawalowetsa ndani?"

Aneba sanadzutse n'komwe mutu. Anayankhula ndi mawu a munthu amene sanagone masiku awiri. "Inu simuwerengedwa. Chonde."

Munthu wina anasolola buku m'manja mwa bambo. Iwo anaima choncho kanthawi, manja ali m'malere. Kenako anavula kachipewa kaja, n'kukaika patebulo, n'kutuluka. Patapita kamphindi chitseko cha kwathu chinamenyetsedwa mwamphamvu moti moto wa kandulo unagwedezeka.

Ndinafuna kudzuka, koma amayi anandigwira pamkono, zikhadabo zikundilowa. "Pamaliro sathawa. Khala pansi."

Tinakhala. Palibe anatiyang'ananso. Patapita mphindi ngati makumi awiri panafika takisi, ndipo munatuluka nkhalamba ina ya ndodo, chijasi chili chonyowa. Sanaipatse n'komwe mpata wovula. Anayamba kupemphera mothamanga, chapansipansi, akugwedeza matupi. Chakumapeto onse anakhala chete, aneba n'kuyamba okha. Mawu awo ankathyokathyoka, ndipo akafika pena onse aja ankawayankha pamodzi, mwamphamvu, ngati akuwachirikiza kuti asagwe. Liwu limodzi lokha ndi limene ndinalizindikira: Ameni. Amayi analinena nawo chapansipansi, kachitatu. Pempherolo linali lalifupi kwambiri. Ndinadabwa kuti chimene anthu anadikira nthawi yonseyo, chimene bambo anachitira manyazi, chinatha msanga chotero.

Kunyumba tinawapeza ali patebulo, suti osavula.

"Mwamva nokha," anatero. "Sindiwerengedwa. Ku weyahausi kamwana ka zaka makumi awiri kamandiitana ndi chala, ndapirira. M'basi munthu amakumbatira chikwama ndikakhala pambali pake, ndapirira. Koma pamaliro? Kwathu ngakhale wamisala akafika kumanda amamupatsa khasu."

"Mwina ndi lamulo la chipembedzo chawo, bambo."

"Lamulo lake liti loti wakuda si munthu? Penti ija anakwecha ndani? Pamene ndinkagwada pa garaja pawo ndi burashi ndinkawerengedwa. Lero ndasanduka mpando." Anatembenukira kwa ine. "Iwe, kuyambira mawa ndisakuonenso ndi mwana wa kumeneko. Wamva?"

Apa panali mpata wachiwiri. Ndikanati, bambo, si khungu, ngakhale mzungu sakanawerengedwa. Koma kunena zimenezo kunali kuvomera kuti ndinkadziwa, ndipo nkhope ya bambo inali yoti sindinaionepo. Ndinati, "Ndamva." Ndinakwera kuchipinda kwanga, n'kufufuza tsamba lija m'kope. Zinali pomwepo, ndi dzanja langa, ndi za mfumu zomwe.

Lachinayi amayi anali pa shifiti ya madzulo. Bambo anabwera kuntchito n'kupita kukachipinda ka pansi pa masitepe, kumene ankasungako chisipika cha kwaya ya kumpingo kwathu. Anachikokera pabalaza n'kuchitembenuza kuti chiyang'ane khoma la aneba, chogundana nalo. Anakhala pawindo akuyang'ana magalimoto akufika. Atawerenga kuti amuna akwana, analumikiza foni yawo n'kuika nyimbo za kwaya, zija za ng'oma ndi kiyibodi, n'kukweza mpaka mapeto. Makapu ankanjenjemera m'kabati.

"Ndikupemphera m'nyumba mwanga," anatero ngakhale sindinawafunse. "Muno ndimawerengedwa."

Kuseri kunamveka kumenya khoma, katatu. Bambo sanasunthe. Wina anabwera kudzaliza belu, analiza, analiza, n'kubwerera. Ine ndinakhala pamasitepe nditatseka makutu, koma ng'oma zinkamveka m'mafupa. Zinatenga pafupifupi theka la ola.

Lachisanu nditaweruka kusukulu ndinatuluka kuseri kukataya zinyalala, ndipo mnzanga anali atandidikira pampanda wa njerwa umene umagawa mabwalo athu. Sanandipatse moni.

"Bambo ako ndi chilombo."

Ndinagwira chivindikiro cha bini.

"Bambo anga anachita kukuwa pemphero la atate awo ngati akugulitsa nsomba. Sankamva ngati anthu ayankha kapena ayi. Atatha anakalowa m'bafa n'kukhoma."

"Anawachititsa manyazi," ndinatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Ndani? Ndani anawachititsa manyazi? Ndinakuuza ine. Unalemba m'kabuku kako kaja, ndinakuona ndi maso angawa. Unangokhala pamenepo ngati chidole, ukuyang'ana kapeti yathu."

"Akuganiza kuti n'chifukwa choti ndi akuda."

"Ineyo sindiwerengedwa. Amayi anga sawerengedwa. Ndife akuda ife?" Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Ukudziwa n'komwe zimene pempherolo limanena? Silitchula imfa ngakhale kamodzi. Limangoti dzina la Mulungu likuzidwe, ndi kuti kudzabwere mtendere. Basi. Agogo ankati n'chifukwa chake munthu salinena yekha. Tsiku limene waika bambo ako sungakhulupirire mawu amenewo, ndiye pamafunika anthu oti akuyankhe mpaka udzawakhulupirirenso. Chaka chino tonse tikuwanena ndi mano okukuta. Ndiye bambo ako akubwera ndi ng'oma."

Kumwamba kunali kutayamba kuda, ndipo mayi ake anamuitana kuti Sabata yayandikira.

"Ukawauze," anatero akutsika pa njerwa imene anapondapo. "Lero. Ukapanda kuwauza usadzandiyang'anenso."

Sindinawauze. Madzulo amenewo bambo anaikanso nyimbo zawo, osadziwa kuti pa Sabata anamfedwa sapempherera m'nyumba, onse anali ku sunagoge. Ankalimbana ndi khoma lopanda munthu, ndipo ine ndinkadziwa zimenezonso. Loweruka ndinalemba mawu oti ndinene, ndinawaloweza, ndinawayeserera m'bafa madzi akutuluka pampopi. Katatu ndinafika pakhomo la balaza, katatu ndinapitirira kukhitchini ngati ndikufuna madzi. Kutada, Sabata yawo itatha, magalimoto anafikanso, ndipo bambo anakwezanso chisipika chija. Tsiku limenelo amayi analipo.

"Bambo, nyimbo za Mulungu mwazisandutsa miyala yogendera anamfedwa?"

"Mayi, inu munatsala komweko mukunena Ameni. Ngati mukufuna pitani akakuwerengeni."

Amayi anazula waya kukhoma. Bambo anaubwezera. Amayi anazulanso, bambo anabwezeranso, osayang'anana, mpaka amayi anatenga jasi n'kukakhala m'galimoto.

Lamlungu tinapita kutchalitchi, m'holo ya sukulu imene mpingo wathu umabwereka. Titaweruka, pa nthawi ya tiyi, bambo anafotokozera azibambo anzawo nkhani yonse, ndipo aliyense anaponyapo lake.

"Anthu amenewo ndi odzikonda kuyambira kale."

"Inu a mkulu, munalakwitsa kupitako. Mukanangowatumizira khadi ngati azungu."

"Mukudabwa chiyani? Si omwewa anapachika Ambuye?"

Amayi, amene ankadutsa ndi thireyi ya makapu, anaima. "Ambuyewo anali Mchewa?"

Azibambo anaseka mokakamiza, wina n'kuti amayi a kuchipatala awa ndi ovuta. Bambo sanaseke. Nkhani imene choona chake ndinachibisa m'kope tsopano inali m'kamwa mwa anthu khumi ndi awiri, ndipo aliyense akanapita nayo kunyumba kwake.

Chisipika chinali chitapita kutchalitchi m'mawa umenewo, ndipo ndinkapemphera kuti chitsale komweko. Koma titafika kunyumba bambo anatsegula buti ya galimoto, n'kuchinyamula, n'kukachiika pamalo paja. Lamlungu linali tsiku lomaliza la mapemphero a madzulo. Ndinakwera kuchipinda, ndinatenga kope, ndinatsika, ndipo nthawi ino sindinapitirire kukhitchini chifukwa amayi anali ataima pakhomo pake akundiyang'ana. Mawu amene ndinaloweza anathawa onse. Ndinangotsegula tsamba lija n'kuyamba kuwerenga mokweza ngati m'kalasi, za amuna khumi, za kuti onse akhale Ayuda, za mfumu imene ingakhale pampando wabwino. Pena ndinkabwereza mzere. Ndinawonjezera za pakamwa kuti ngakhale akazi awo sawerengedwa, ndi kuti pempherolo silinena za imfa koma za mtendere.

Bambo anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa kopelo. Palibe munthu anali ataligwirapo chiyambire. Anavala magalasi n'kuyang'ana deti limene ndinalemba pamwamba pa tsamba.

"Izi unalemba chilimwe chatha."

"Inde, bambo."

"Ndiye Lachitatu unkadziwa."

"Inde."

"Unandiona ndikumanga batani."

"Ndinakuonani."

"N'kundisiya ndiimirire pamaso pa anthu, buku lili chakumbuyo, ngati chitsiru cha pamsika. Mwana wanga wobereka ndekha." Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanakalipa. "Ndipo masiku onsewa ndakhala ndikugenda anamfedwa iwe uli pamasitepe, kukamwa uli tseke."

Anatseka kope n'kuliika pampando, osati m'manja mwanga. Anazula waya wa chisipika, n'kuukulunga pang'onopang'ono kuzungulira chigongono, monga amachitira kutchalitchi.

"Choka pamaso panga."

Ndili pamasitepe ndinamva akuuza amayi kuti, "Ndi lamulo lopusa." Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Koma ndi lamulo." Amayi anati ndiye pitani mukapepese. Bambo anati munthu amene anawauza pagulu kuti sawerengedwa ayambe ndiye kubwera. Sanapite, ndipo aneba sanabwere.

Madzulo amenewo m'nyumba mwathu munali zii. Magalimoto anafika, zitseko zinatsekedwa, kenako kuseri kwa khoma kunayamba kung'ung'udza kuja. Bambo anali pampando ndi nyuzipepala yaulere ya m'basi, tsamba osatembenuza. Mawu a aneba anamveka okha, ofooka, ndipo amuna aja anawayankha. Palibe mwa ife anayang'ana mnzake.

Lolemba m'mawa kunazizira kwambiri. Ndinatuluka ndi yunifolomu, ndipo bambo anali panja akupala madzi oundana pagalasi la galimoto. Sanandiyankhule, monga sanandiyankhulire milungu iwiri yotsatira. Chitseko cha aneba chinatseguka, banja lonse n'kutuluka. Masiku asanu ndi awiri akakwana amatero: anamfedwa amavala nsapato n'kuyenda pang'ono kuzungulira nyumba za mu msewu, kusonyeza kuti abwerera pakati pa anthu. Aneba anali patsogolo, akuyenda ngati munthu wochira malungo. Atayandikira, bambo anasiya kupala, anatsika pamsewu kuwapatsa njira, n'kuima manja ali pamodzi, maso pansi, monga amaimira maliro alionse akamadutsa. Aneba anadutsa osatembenuka.

Mnzanga anatsalira m'mbuyo pang'ono, n'kuima pageti pathu.

"Dzulo kunali chete."

"Ndinawauza."

"Ndinati Lachisanu. Loweruka unali kuti?"

Ndinayang'ana nsapato zake.

"Amayi ati kuyambira mawa azindiperekeza kusukulu pa galimoto," anatero. "Sindiyendanso wapansi."

"Mpaka liti?"

Anakweza mapewa. Anaoneka ngati akufuna kunena china, koma mayi ake anacheuka, ndipo anathamanga kukawapeza. Ndinawayang'ana mpaka anakhota pakona.

"Wina basi imusiya," bambo anauza galasi la galimoto.

Ubwenzi wathu unathera pageti pamenepo. Nkhondo ija itazirala sanabwererenso pa siteji. Tikakumana pa mabini tinkakwezerana dzanja, nthawi zina iye n'kufunsa za mayeso, ine n'kuyankha kuti ali bwino. Kwa miyezi khumi ndi umodzi ndinkaona aneba akutuluka m'mamawa uliwonse, mvula kaya chisanu, kupita ku sunagoge kuja kukanena pemphero lomwe lija pakati pa amuna khumi. Patatha zaka ziwiri anagulitsa nyumba n'kusamukira kumpoto kwa mzinda kumene kuli anzawo. Tsiku losamuka ndinali kusukulu, ndipo adiresi sanasiye.